Phunziro 17: Anthu amene anakwirira tiyi m'nthaka

Amayi ndi abambo, lero tiwerenga za nthaka. Nthaka tonse timaidziwa. Palibe mwa ife amene angachite kuuzidwa kuti ili ndi dothi la katondo, ili ndi la mchenga, ili ndi la makande la kudambo. Khasu linatiphunzitsa zimenezo tisanagwire pensulo.

Koma tiyeni tifunsane. Mapesi amene tinasiya m'munda chaka chatha ali kuti lero? Masamba a m'tchire amayoyoka chilimwe chilichonse, ndipo palibe amawasesa. Nanga bwanji sanaunjikane mpaka kufika m'khosi? Yankho lake ndi lakuti anadyedwa. Chiswe chinadya. Nyongolotsi zinadya. Bongololo anadya. Nkhungu yoyera ija timaiona pansi pa masamba onyowa inadya. Ndipo zotsala zinadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene tili tambirimbiri ngakhale m'dothi lodzaza chikhato chimodzi. Nthaka ndi yamoyo. Imadya, ndiponso imapuma.

Mawu atatu tiyambe tawalemba pa bolodi: kaboni, sikelo, digiri. Sikelo timaidziwa ku msika wa chimanga. Digiri ndi muyeso wa kutentha, monga amachitira kuchipatala poyeza thupi la wodwala malungo. Kaboni ndiye afunika kumufotokoza bwino, pakuti phunziro lonse laima pa iye.

Kaboni ndi chiyani?

Tikawotcha mtengo m'uvuni wa makala, chotsala chakuda chija kwambiri ndi kaboni. Sanabwere ndi moto. Anali kale mumtengomo. Mtengo unam'tenga mumpweya kudzera m'masamba ake, mothandizidwa ndi dzuwa. Chimanga chimachita chimodzimodzi, udzu chimodzimodzi. Zomera zikafa, kaboni uja ali ndi njira ziwiri. Wina amabwerera kumwamba ngati mpweya, pamene tizilombo tikudya kapena pamene moto ukuyaka. Wina amatsala pansi, nasanduka dothi lakuda lija limene timati lachonde. Dothi la pakhola, la padzala, la pansi pa msangu ndi lakuda chifukwa cha iyeyu. Limasunga chinyezi. Siligwirana ngati njerwa.

Akatswiri anawerengera kuti m'nthaka ya dziko lonse lapansi, kuchokera pamwamba kutsika mita imodzi, muli kaboni wokwana pafupifupi matani 1,500 biliyoni. Ameneyu ndi wochuluka kuposa amene ali mumlengalenga. Ndi wochulukanso kuposa amene ali m'mitengo ndi m'zomera zonse. Kotero nkhokwe yaikulu siili m'nthambi. Ili pansi pa mapazi athu.

Tsono vuto ndi ili. Mpweya wa kaboni ukachuluka mumlengalenga umachita ngati gombeza. Umalola dzuwa kulowa, koma umakaniza kutentha kutuluka. Mafakitale asanayambe, pa magawo 1,000,000 a mpweya, magawo 280 anali a kaboni. Mu 2024 anali atapitirira 420. Wambiri anachokera ku malasha, petulo ndi gasi zimene maiko a mafakitale akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 150. Wina anachokera ku nkhalango zodulidwa. Dziko latentha, nyanja zatentha, mvula yasokonezeka.

Ife zimenezi sitichita kumva pa wailesi pokha. Mu Marichi 2019 namondwe Idai anaphwanya mzinda wa Beira. Mu Marichi 2023 Freddy analowera ku Quelimane nakafika ku Malawi, ndipo mapiri anagumuka. Mu 2024 chimanga chinapserera ndi dzuwa ku Tete, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Anamondwe ndi chilala zinalipo ndi kale lomwe, akuluakulu angachitire umboni. Koma nyanja ikatentha imapereka nthunzi yambiri, ndipo mvula ya namondwe imakula.

Apa ndi pamene akatswiri a nthaka anayamba kuda nkhawa. Tonse timadziwa kuti nsima yogona imasasa msanga mu Okutobala kusiyana ndi mu Juni. Kukatentha zinthu zimawola msanga. Nanga dziko likatentha, tizilombo ta m'nthaka sitidzadya msanga kaboni wa m'nkhokwe ija ndi kum'tulutsira kumwamba? Zikatero dziko lidzatentha koposa, ndipo tizilombo tidzadyanso msanga koposa. Funso limeneli munthu mmodzi sangaliyankhe. Dziko limodzi silingaliyankhe. Nthaka ya ku Sweden si ya ku Angónia.

Timatumba ta tiyi

Kale wofuna kuyeza kawoledwe ka masamba ankasoka timatumba, kuikamo masamba ouma, kuyeza pa sikelo, kukwirira, ndi kudzafukula patapita miyezi. Inali ntchito yotopetsa. Choipa china chinali chakuti aliyense ankaikamo masamba a kwawo. Wa ku Brazil aika ake, wa ku Finland aika ake. Podzayerekeza zotsatira panalibe chomveka. Zili ngati anthu awiri akugulitsa chimanga, wina ndi chitini, wina ndi lichero, n'kumakangana za mtengo.

Akatswiri ena achinyamata a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, pakati pawo Joost Keuskamp ndi Judith Sarneel, anaona kuti timatumba totere tilipo kale m'sitolo. Ndi timatumba ta tiyi. Masamba ake ndi amodzimodzi, opangidwa ndi kampani imodzi, ndipo aliyense angagule. Mu 2013 anasindikiza njira yawo kuti aliyense aitsatire.

Njirayo ndi iyi. Tenga timatumba tiwiri ta Lipton. Kena kakhale ka tiyi wobiriwira. Kena kakhale ka rooibos, tiyi wofiira wochokera ku chitsamba cha ku South Africa. Yeza kalikonse pa sikelo. Kumba timaenje takuya masentimita 8, ngati kutalika kwa chala. Kwirira. Ika chizindikiro. Patapita masiku 90 fukula, umitsa, yezanso. Chimene chachepa ndicho chadyedwa.

Chifukwa chiyani mitundu iwiri? Tiyi wobiriwira ndi wofewa, ali ngati masamba a nkhwani kapena a nyemba. Rooibos ndi wolimba, ali ngati phesi. Wofewa amasonyeza kuchuluka kwa zimene zimatsala nthaka ikatha kudya. Wolimba amasonyeza liwiro la kadyedwe.

Nzeru imeneyi ine imandikondweretsa chifukwa ndi yotsika mtengo. Siifuna makina aakulu. Ana a sukulu anakwirira tiyi. Alimi anakwirira. Akatswiri anakwirira m'mapiri, m'madambo, m'zipululu ndi m'nkhalango. Mu 2018 gulu lina lotsogozedwa ndi Ika Djukic linasonkhanitsa zotsatira za malo oposa 300 a m'maiko ambiri. Anapeza kuti m'miyezi itatu tiyi wobiriwira anali atatha woposa theka, pamene rooibos anatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Kulikonse wobiriwira ndiye ankatha msanga. Ndiye kuti m'miyezi yoyamba mtundu wa tsamba ndiwo unali ndi mphamvu kuposa nyengo ya malowo.

Mlimi amve bwino apa. Chimene timapatsa nthaka kuti idye chili ndi kanthu. Masangwi a mtedza, masamba a nandolo ndi a khobwe amawola msanga ndi kudyetsa mbewu za chaka chomwecho. Mapesi a chimanga ndi udzu zimachedwa, koma zimaphimba nthaka ndi kuiteteza ku dzuwa ndi ku madontho a mvula. Munda umafuna zonse ziwiri.

Kutenthetsa nthaka mwadala

Ena sanadikire kuti dziko litenthe. Anatenthetsa okha. Ku nkhalango ya Harvard Forest ku United States, mu 1991, akatswiri anakwirira mawaya a magetsi m'nthaka kuti ikhale yotentha ndi madigiri 5 kuposa yoyandikana nayo. Sanazimitse. Chaka ndi chaka ankayeza. Mu 2017, patatha zaka 26, Jerry Melillo ndi anzake analengeza kuti nthaka yotenthetsedwayo inali itataya magawo 17 pa 100 a kaboni wake m'masentimita 60 a pamwamba. Taganizani, zaka 26 kuyang'anira kachigawo kamodzi ka nkhalango. Mwana wobadwa tsiku loyamba anali atakwatira.

Koma kumeneko ndi kozizira. Ambiri ankaganiza kuti nthaka ya maiko otentha inazolowera, sidzasintha kwambiri. Andrew Nottingham ndi anzake anakayesa pa chilumba cha Barro Colorado ku Panama. Anatenthetsa nthaka ndi madigiri 4 kwa zaka ziwiri. Mu 2020 analemba kuti mpweya wa kaboni wotuluka m'nthakayo unakwera ndi magawo 55 pa 100. Nkhani imeneyi si yabwino kwa ife a kotentha.

Za chiswe

Tsopano tifike pa mnansi wathu amene timam'dziwa bwino. Chiswe timadana nacho. Chimadya nsichi za nyumba, chimadya nkhokwe, chimagwetsa chimanga chisanakololedwe. Koma tikanene zoona, inswa timadya, ndipo dothi la pachulu timalikonda. Amayi amadziwa kuti maungu a pachulu amachita bwino.

Katswiri wina wamayi, Amy Zanne, pamodzi ndi anzake oposa 100, anachita ngati a tiyi aja, koma iwo anagwiritsa ntchito timatabwa. Anadula timatabwa ta paini ta mtundu umodzi, natiika pansi pa malo 133 m'maiko 20. Tina anatikulunga m'kaukonde kuti chiswe chisalowe. Tina anatisiyira zibowo kuti chiswe chilowe. Motero anatha kusiyanitsa chimene chadyedwa ndi chiswe ndi chimene chawola chokha.

Zotsatira zinatuluka mu 2022. Malo akakhala otentha ndi madigiri 10 kuposa ena, kuwola kwa nkhungu ndi tizilombo tosaoneka kunkawirikiza pafupifupi kawiri. Koma kudya kwa chiswe kunkawirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri. Chiswe chimakonda kutentha, ndipo chimagwira ntchito ngakhale kouma kumene nkhungu imalephera, pakuti chimanyamula chinyezi chake m'njira zake za dothi. Kotero dziko likamatentha, chiswe chidzafika kumene sichinali, ndipo mitengo yakugwa idzabwezera kaboni wake kumwamba msanga.

Ndiye chiswe ndi mdani basi? Tisafulumire. Ku chilumba cha Borneo, ku Malaysia, akatswiri ena anachotsa chiswe pa zigawo zina za nkhalango, nachisiya pa zigawo zina. Ali mkati mwa ntchitoyo kunagwa chilala cha 2015 ndi 2016, chomwe chija chinatisautsanso ife kuno. Anapeza kuti pamene panali chiswe nthaka inasunga chinyezi chambiri, ndipo timitengo tating'ono tinapulumuka kuposa pamene chiswe chinachotsedwa. Analemba zimenezi mu 2019. Chiswe chimakumba pansi kukatenga madzi, ndipo njira zake zimalowetsa mvula m'nthaka.

Alimi ambiri anaonanso kuti munda wosesedwa mbee, wopanda phesi ngakhale limodzi, chiswe chimathamangira mbewu zamoyo. Chikapeza zouma pansi chimayamba ndi zoumazo. Sindinena kuti mapesi ndi mankhwala a chiswe. Koma ndi chinthu choyenera kuchiyang'anitsitsa m'minda yathu.

Nyongolotsi nazo zinawerengedwa. Mu 2019 Helen Phillips ndi akatswiri ena pafupifupi 140 anasonkhanitsa zimene zinapezeka pa malo 6,928 m'maiko 57. Anaona kuti chimene chimalamulira kwambiri kuchuluka kwa nyongolotsi ndi mvula ndi kutentha. Mvula ikasintha, nazonso zidzasintha.

Kwathu kuno

Nkhalango yathu ya mombo, tsamba ndi masuku akatswiri amaitcha miombo, dzina lochokera m'zinenero zathu zomwe. Inayala kuchokera ku Angola, kudutsa Congo, Zambia, Zimbabwe, Malawi ndi Tanzania, mpaka kuno ku Mozambique. Mu 1995 akatswiri a maiko osiyanasiyana anakumana ku Zomba nayambitsa gulu lotchedwa Miombo Network kuti aziphunzira nkhalangoyi pamodzi. Natasha Ribeiro wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo watha zaka zambiri akuphunzira za moto ndi mitengo m'nkhalango ya ku Niassa. Mu Ogasiti 2022 maiko a chigawo chino anasaina chipangano ku Maputo cha kusamala miombo.

Ntchito imene ndifuna tiimvetse bwino inachitika ku Nhambita, m'chigawo cha Sofala, pafupi ndi Gorongosa. Akatswiri a pa yunivesite ya Edinburgh ku Scotland, pamodzi ndi anzawo a ku Mozambique, anafuna kudziwa chimene chimachitika munda ukasiyidwa tsala. Sakanatha kudikira zaka 30. Tsono anafunsa eni minda. Uwu unasiyidwa liti? Nanga uwo? Alimi ndiwo anali kalendala. Popanda chikumbukiro chawo ntchitoyo sikanatheka. Akatswiri anayeza mitengo ndi kukumba dothi m'matsala a zaka zosiyanasiyana, nayerekeza ndi nkhalango yosalimidwa.

Mu 2008 analemba zimene anapeza. Patapita zaka 20 mpaka 30, mitengo ya patsala inali itakula mpaka kulingana ndi ya m'nkhalango pa kuchuluka kwa thabwa. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma mitengo yomera inali ya mitundu ina, yeniyeni ya miombo inali isanabwerere. Ndipo pansi, m'dothi, sanaone kuti kaboni akuwonjezeka ndi zaka. Pamwamba tchire linaoneka lochira. Pansi nkhokwe inali isanadzaze.

Makolo athu ankasiya munda ukaguga, n'kukatsegula mphanje kwina. Malo analipo. Lero ku Angónia ndi ku Tsangano anthu tachuluka, ndipo munda umodzi ukulimidwa chaka ndi chaka osapuma. Ngati zaka 30 za tsala sizinabwezere dothi mwakale, nanga munda umene timauwotcha chaka chilichonse? Timasonkhanitsa mapesi, kuyatsa, n'kutsala phulusa. Phulusa lili ndi mchere wake wothandiza, n'zoona. Koma kaboni wapita ndi utsi, nayitrojeni wapita ndi utsi, ndipo mvula yoyamba imagwera pa dothi lamaliseche. Lupsa la osaka mbewa limachita chimodzimodzi kutchire. Ndidziwa kuti mbewa ndi ndiwo. Ndidziwanso kuti ena amawotcha poopa njoka ndi mbewu za udzu, ndipo ena mapesi amadyetsa ng'ombe. Zifukwa zilipo. Koma mtengo wake tiudziwe.

Mu Disembala 2015, pa msonkhano wa za nyengo ku Paris, dziko la France linabweretsa ganizo lotchedwa 4 pa 1000. Linati ngati kaboni wa m'nthaka atamawonjezeka ndi magawo 4 pa 1000 chaka chilichonse, zingathandize kwambiri kuchepetsa wa mumlengalenga. Akatswiri ambiri anayankha kuti muyeso umenewo sungatheke paliponse, ndiponso kuti nthaka ikadzaza imaleka kulandira. Ine ndiona kuti otsutsawo ananena zoona. Khasu la mlimi wa ku Macanga silingakolope utsi wa mafakitale a dziko lonse. Utsi umenewo sitinafukize ndife, ndipo oufukiza ndiwo ayenera kuuchepetsa. Ife tikasamala dothi lakuda, tichite chifukwa limasunga madzi pamene mvula yadula milungu itatu mu Januwale. Phindu limenelo limalowa m'nkhokwe yathu.

Pali chinanso. Pa mapu a nyongolotsi ndi a tiyi, timadontho tosonyeza malo oyezedwa tadzaza ku Ulaya ndi ku North America. Ku Africa ndi tapatalipatali. Akatswiri eni ake amavomereza kuti pamenepa mpoperewera. Mapu akamanena za nthaka yathu, nthawi zambiri amangoyerekeza kuchokera ku nthaka ya ena. Bungwe la FAO linakhazikitsa mgwirizano wa maiko pa za nthaka mu 2012, ndipo pa 5 Disembala chaka chilichonse ndi tsiku la nthaka pa dziko lonse. Koma misonkhano siikumba dothi. Pafunika anthu odziwa kuyeza, kuwerenga ndi kulemba chimene aona, tsiku ndi malo. Amene anakwirira tiyi aja sanachite china choposa chimenecho.

Tikambirane

M'munda mwanu, dothi lakuda kwambiri lili pati? Linada bwanji? Muli ana, nyongolotsi zinkatuluka zambiri polima kusiyana ndi lero, kapena n'chimodzimodzi? Agogo atiuze. Mapesi a chaka chino mwachita nawo chiyani, ndipo chifukwa chiyani?

Tilembe

Nthaka imadya. Nthaka imapuma. Chiswe chimakonda kutentha. Tiyi anakhala m'dothi masiku 90.

Ntchito ya kumunda

Ife tiyi wa mtundu umenewo tilibe, ndipo sikelo yoyeza kanthu kopepuka chotero tilibe. Koma sanza tili nazo. Aliyense apeze kansalu kakale ka thonje lenileni, osati ka nayiloni, pakuti nayiloni sawola. Akang'ambe pawiri molingana, chidutswa chilichonse chachikulu ngati chikhato. Mvula ikakhazikika, akwirire chimodzi pamene amawotcha chaka ndi chaka. China akwirire pamene mapesi amasiyidwa, kapena pansi pa msangu. Kuya kwake kukhale chala chimodzi, mbali zonse ziwiri. Azike kamtengo pamalopo kuti asaiwale, ndipo awauze ana asazule.

M'kope alembe tsiku, mwezi ndi chaka. Alembe dzina la malo. Awerenge masiku 60 pa kalendala, nalembe tsiku lofukula. Pofukula asakoke, akumbe mozungulira. Ngati apeza chiswe pansaluyo alembenso kuti chiswe chinalipo. Zidutswa zonse tidzabwere nazo kuno, tidzaziyale pa mphasa, za powotcha mbali ino, za pa mapesi mbali iyo.